Chakudya ndi mankhwala a munthu amene wangosiya mowa

Mawu amene adayankhulidwa pa msonkhano wa anthu a m'dera la Nambuma, pa gawo la zaumoyo ndi kadyedwe koyenera



Pa misonkhano ngati uno timakonda kudzudzula mowa, ndipo n'koyenera kutero. Boma nalo lidachitapo mbali yake: lidaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, ndipo mu 2017 lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yokhudza mowa. Koma lero ndikufuna tikambe za munthu amene kudzudzulako wakumva kale, ndipo wanena yekha kuti, "Ine basi, ndasiya." Munthu ameneyu alipo m'midzi mwathu. Ndi bambo wa ana athu, ndi mlongo wathu, mwinanso ndi mayi amene wakhala akumwa mobisa. Funso langa ndi lakuti: m'masabata oyamba atasiya, timusamala bwanji?

Mabanja ambiri amayembekezera kuti munthu akangosiya mowa, mawa lake adzuka wamphamvu. Zimene amaona n'zosiyana. Manja akunjenjemera, tulo sakupeza, nsima ikumukanika, mtima uli m'mwamba, ndipo chibaba chikumuvutitsa usana ndi usiku. Apa m'pamene abale amayamba kufunafuna choti agule. Ogulitsa nawo sasowa. Pa WhatsApp ndi pa Facebook, m'misika, ngakhalenso m'masitolo ena mumzinda wa Lilongwe, muli mabotolo a mapiritsi ndi maufa amene amati ndi maamino asidi, mavitamini, kapena mankhwala otsuka chiwindi. Ena amalonjeza kuti chibaba chitha m'masiku ochepa. Kodi banja ligulitse mbuzi kuti ligule zimenezi? Yankho langa lili pa ndondomeko iyi: choyamba chipatala, chachiwiri mbale ya chakudya, ndipo botolo logula libwere pomaliza, ngati n'kofunika n'komwe. Ndiloleni ndifotokoze zifukwa zake.

Tiyambe ndi zimene mowa umachita m'thupi. Galamu limodzi la mowa weniweni limapereka mphamvu yokwana makalori 7, koma mulibe chomanga thupi, mulibe vitamini. Choncho womwa kwambiri samva njala, ndipo akhoza kutha tsiku osadya chakudya chenicheni. Ngakhale adye, mowa umawononga m'mimba ndi m'matumbo, kotero kuti zabwino za m'chakudya sizilowa mokwanira m'magazi. Chiwindi, chimene chimasunga mavitamini ambiri, chimakhala chotanganidwa ndi kuchotsa poizoni, ndipo mchere wina wofunika m'thupi, monga magnesium ndi zinc, umatayika m'mkodzo. Taganizirani za kachasu. Ambiri amamutcheza kuchokera ku madeya ndi shuga. Madeya ndiye gawo la chimanga limene lili ndi mavitamini ochuluka, koma potcheza mavitaminiwo amatsala mumphika, m'botolo mumangolowa mowa ndi madzi. Munthu amene wamwa chotere kwa zaka zambiri amafika tsiku losiya ali ndi njala yobisika, ngakhale thupi lake lioneke ngati lanenepa.

N'chifukwa chiyani ndikuti choyamba chipatala? Ubongo wa munthu amene amamwa kwambiri tsiku ndi tsiku umazolowera kugwira ntchito uli wopanikizidwa ndi mowa. Mowawo ukachoka mwadzidzidzi, ubongo umathamanga mopitirira muyeso. Zizindikiro zimayamba pakati pa maola 6 ndi 24 chimwereni komaliza: kunjenjemera, thukuta, kusanza, mantha. M'masiku awiri oyamba ena amagwa n'kumaphupha ngati wodwala khunyu. Kuyambira tsiku lachiwiri mpaka lachinayi ena amasokonezeka mutu kwambiri, amatentha thupi, amabwebweta, amaona tizilombo kapena anthu amene palibe. Izi si matsire wamba, ndipo zikhoza kupha. Si ziwanda, komanso palibe amene wamulodza. Kumupempherera n'kwabwino, koma apempheredwe ali pa ulendo wa kuchipatala. Musamumange zingwe, musamutsekere m'nyumba yekha.

Choncho amene amamwa kwambiri tsiku lililonse, makamaka amene amadzuka m'mawa akunjenjemera mpaka atamwako, asasiye mwadzidzidzi ali yekha kunyumba. Ayambe wakaonana ndi achipatala, pano pa Nambuma, ku Kabudula, kapena ku St Gabriel's ku Namitete kwa amene ali mbali imeneyo. Akafike n'kunena zoona: amamwa chiyani, mochuluka bwanji, ndipo wamwa liti komaliza. Kubisa n'kudzipweteka wekha, chifukwa dokotala amayeza chithandizo potengera zimene wauzidwa. Alipo mankhwala, monga diazepam, amene amakhazika ubongo pansi m'masiku ovutawa. Amaperekedwa kwa masiku ochepa okha, moyang'aniridwa, pakuti nawonso munthu akhoza kuwazolowera. Si ogula pamsika.

Kuchipatala komweko kuli vitamini mmodzi amene madokotala onse amagwirizana kuti wosiya mowa amamufunadi. Ameneyu ndi vitamini B1, dzina lake lina thiamine. Ubongo umamufuna kuti upeze mphamvu kuchokera ku shuga wa m'magazi. Munthu wamkulu amafuna miligalamu imodzi ndi pang'ono patsiku, koma thupi limasunga pafupifupi mamiligalamu 30 okha, ndipo nkhokwe imeneyi ikhoza kutha m'masabata awiri kapena atatu. Ikatha, ubongo umavulala. Dokotala wa ku Germany, Carl Wernicke, adalongosola matendawa mu 1881: munthu amasokonezeka maganizo, maso ake amagwedezeka kapena kuona zinthu ziwiriziwiri, ndipo amayenda modzandira ngakhale sadamwe. Akathandizidwa msanga akhoza kuchira. Akachedwa amagwera m'vuto limene dokotala wa ku Russia, Sergei Korsakoff, adalilongosola mu 1887: zakale amakumbukirako, koma zatsopano sizikhala m'mutu. Mukamuuza kanthu m'mawa, masana waiwala, ndipo amadzaza mipata ndi nkhani zimene sizidachitike, iye osadziwa kuti sizoona. Ambiri mwa otere sachira kotheratu.

Abale anga, mukaona munthu wosiya mowa akudzandira, musafulumire kunena kuti wayambiranso kumwa mobisa. Mwina ubongo wake ukusowa thiamine, ndipo ola lililonse ndi lofunika. Pamenepo piritsi silikwanira, popeza matumbo ake salandira bwino, amafunika jakisoni. Amene sali pa ngozi yotere achipatala akhoza kumupatsa mapiritsi a thiamine kapena a mavitamini a gulu la B kuti azimwa kunyumba. Amenewo amwe mokhulupirika, monga momwe wauzidwira.

Tsopano tibwere ku maamino asidi, amene dzina lawo lalembedwa pa mabotolo aja. Dzinalo ndi lachilendo, koma chinthucho timadya tsiku ndi tsiku. Zakudya zomanga thupi, zimene timati mapuloteni, zili ngati khoma, ndipo maamino asidi ndiwo njerwa zake. Tikadya nyemba kapena usipa, m'mimba mumagumula khomalo, njerwazo zimalowa m'magazi, thupi n'kumangira minofu, magazi, khungu ndi chiwindi. Mitundu ya njerwazi ilipo 20. Mwa imeneyi, 11 thupi limatha kuumba lokha, koma 9 iyenera kuchokera m'chakudya.

Chimanga chathu chili ndi vuto pamenepa. N'choperewera pa maamino asidi awiri, lysine ndi tryptophan. Tryptophan ndi amene thupi limapangira vitamini B3, wotchedwa niacin, ndipo niacin amene ali m'chimanga ndi womangika, thupi silimupeza mosavuta. Munthu wodalira nsima yokha ndi ndiwo zochepa akhoza kudwala pellagra: khungu limada n'kumakakala ngati lapsa m'malo oombedwa ndi dzuwa, monga m'khosi, m'mikono ndi m'mapazi, amatsegula m'mimba, ndipo kenako mutu umasokonezeka. Dziko lathu likuwadziwa matendawa. Mu 1990 anthu oposa 18,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene ankakhala kum'mwera kwa dziko lino adadwala pellagra, mtedza utasowa kwa miyezi ingapo pa chakudya chimene ankalandira. Mliriwo udachepa atayamba kulandira mapiritsi a niacin, mtedza, ndi ufa wothiramo mavitamini. Mu 2015 ndi 2016 matendawa adabukanso ku Kasese, kwa anansi athu a ku Dowa. Munthu womwa mowa kwambiri ndi mmodzi mwa amene pellagra amawagwira mosavuta. Phunziro lake n'lakuti kusowa kwa amino asidi ndi nkhani yeniyeni, ndipo chimene chinkateteza anthu aja mliri usadabuke chidali mtedza, womwewu timalima kuno.

Nanga mapiritsi ogula aja? Ogulitsa amayambira pa mfundo yoona. Ubongo umapanga timadzi tina tokhudza chisangalalo ndi tulo kuchokera ku maamino asidi: serotonin amachokera ku tryptophan, dopamine amachokera ku tyrosine. Kuchokera apo iwo amalumpha n'kunena kuti mukameza tryptophan, tyrosine kapena glutamine, chibaba cha mowa chitha. Kulumpha kumeneku kulibe umboni wokwanira. Malangizo a bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO pa kasamalidwe ka osiya mowa amatchula thiamine, amatchula mankhwala a m'gulu la diazepam, amatchula uphungu, komanso mankhwala ochepetsa kubwerera ku mowa monga naltrexone, acamprosate ndi disulfiram, amene dokotala yekha ndiye amalemba. Mapiritsi a maamino asidi mulibe m'menemo. Pali odwala chiwindi ena amene madokotala amawapatsa maamino asidi apadera, koma chimenecho ndi chithandizo cha matenda a chiwindi, choganiziridwa ndi dokotala atamuyeza munthu, si mankhwala a chibaba.

Tiyeni tiwerengenso masamu. Mapiritsi ambiri oterewa amakhala ndi theka la galamu la amino asidi mmodzi. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6 a mapuloteni, ndipo mitundu 9 yofunika ija ilimo yonse. Polemera, dzira limodzi likufanana ndi mapiritsi 12. Magalamu 100 a mtedza ali ndi magalamu pafupifupi 25 a mapuloteni, nyemba zouma oposa 20, soya oposa 35. Munthu wolemera makilogalamu 60 amafuna magalamu pafupifupi 50 patsiku, ndipo wowonda chifukwa cha mowa amafuna ochulukirapo. Palibe botolo limene lingakwanitse zimenezi. Tikagulitsa thumba la soya kuti tigule botolo, tagulitsa zambiri kuti tigule zochepa.

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mabotolo amenewa akhozanso kuvulaza. Mu 1989 ku America anthu oposa 1,500 adadwala matenda opweteka minofu ndi mitsempha, ndipo oposa 30 adamwalira, atamwa mapiritsi a tryptophan amene adalakwika popanga. Tryptophan, ndi mnzake wotchedwa 5-HTP, akamwedwa pamodzi ndi mankhwala a matenda okhumudwa monga fluoxetine kapena amitriptyline, akhoza kudwalitsa munthu modetsa nkhawa. Vitamini A wochuluka ndi mapiritsi a ayironi omwa popanda kuyezedwa amalemetsa chiwindi chimene chatopa kale. Ngakhale Panado, amene timamuona ngati wamba, womwa mowa kwambiri ayenera kusamala naye, osapyola muyeso. Mankhwala a zitsamba osadziwika chimene chilimo, amene amati amatsuka chiwindi, chiwindi chomwecho ndicho chimavutika kuwachotsa m'thupi. M'dziko muno muli bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, loyang'anira mankhwala, ndi la Malawi Bureau of Standards, loyang'anira ubwino wa katundu. Botolo lopanda dzina la wopanga, lopanda tsiku lothera mphamvu, logulitsidwa ndi munthu amene sangakuuzeni chimene chilimo, lisiyeni. Ngati mwagula kale, litengeni mukalionetse kuchipatala musadamupatse wodwala.

Ndafika pa mbale, pamene pali ntchito ya banja. Alangizi akhala akutiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Kwa wosiya mowa maphunziro amenewa ndi mankhwala ndithu.

Nsima yake ikhale ya mgaiwa. Tikakonola chimanga, n'kuviika mphale masiku angapo, n'kutaya madzi ake, thiamine wambiri amapita ndi madeya ndi madziwo. Ufa woyera umakoma m'maso, koma wodwala wathu akufuna wa mgaiwa. Tikumbukirenso kuti ufa wothiramo mavitamini ndi uja wa m'mafakitale. Wa pachigayo chathu mulibe chowonjezera chilichonse.

Pambali pa nsima pasasowe nyemba, khobwe, nandolo, nzama kapena soya, chifukwa zimenezi zili ndi lysine amene chimanga chikusowa. Chimanga ndi nyemba zikakumana m'mbale imodzi, njerwa zimakwanira. Soya akazingidwe kapena kuphikidwa mokwanira, pakuti wosapsa thupi limalephera kumugaya. Phala lofanana ndi Likuni Phala tikhoza kupanga tokha: magawo anayi a chimanga, gawo limodzi la soya wokazinga, n'kukagayitsa pamodzi. Nsinjiro zilowe m'phala ndi m'ndiwo, chifukwa mtedza uli ndi niacin wambiri ndi thiamine. Koma mtedzawo usankhidwe bwino. Wofwifwa, wowola kapena wa chuku utayidwe, pakuti poizoni wa chuku amawononga chiwindi, ndipo chiwindi cha munthuyu chavutika kale mokwanira.

Dzira, usipa, matemba, mkaka kapena chambiko, nyama ya nkhuku, ngumbi ndi mbewa pa nyengo yake, chilichonse chimene banja lingakwanitse, chipezekeko kangapo pa sabata. Masamba obiriwira monga bonongwe, chisoso, nkhwani, khwanya ndi kholowa ali ndi folate ndi magnesium, zimene mowa umachotsa m'thupi. Asaphikidwe mpaka kufiira. Chilimwe tili ndi mfutso ndi ndiwo za kudimba. Wosiya mowa amalakalaka zotsekemera kwambiri. M'malo momuthirira shuga wodzadza m'kapu, mupatseni nthochi, papaya, gwafa, mango kapena mbatata yofiira m'kati.

Masiku oyamba sangamalize mbale ya nsima, ndipo musamukakamize. Apatsidwe pang'onopang'ono, kasanu kapena kasanu n'kamodzi patsiku, kuyambira ndi phala. Amene wakhala nthawi yaitali osadya asayambe ndi kukhuta kwambiri kamodzin'kamodzi. Amwe madzi aukhondo okwanira. Asagone ndi njala, ndipo asapite kumsika kapena kumunda m'mimba muli pululu, chifukwa njala imadzutsa chibaba. Tiyi wambiri ndi khofi madzulo zimathawitsa tulo, pomwe tulo ta wosiya mowa timatenga masabata, mwina miyezi, kuti tibwerere m'malo mwake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali mawu amene timawamva kawirikawiri, akuti masese kapena Chibuku ndi chakudya, choncho wosiya kachasu azingomwa zimenezo. Ayi. Mowa umene uli m'masese ndi womwewo uli m'kachasu, kusiyana kwake ndi ukali chabe, ndipo kwa munthu amene adazolowera, chipanda chimodzi chimaitana chinzake. Ngakhale thobwa, limene ndi labwino likadali latsopano, likagonera masiku n'kuyamba kuwira lasanduka mowa.

Zilipo zizindikiro zimene chakudya sichingathetse. Maso akasanduka achikasu, mimba kapena miyendo ikatupa, akasanza magazi, akachita chimbudzi chakuda bii, akamangogona osadzuka bwino, thamangirani naye kuchipatala. Amene ali pa ma ARV, pa mankhwala a TB, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi apitirize kumwa, ndipo awauze achipatala kuti wasiya mowa. Amene wayamba kuyankhula zofuna kudzipha asasiyidwe yekha ngakhale pang'ono. Thandizo la matenda a maganizo lilipo ku chipatala cha Bwaila, ndipo a St John of God ku Area 43 mu Lilongwe, monganso ku Mzuzu, amathandiza anthu ofuna kumasuka ku mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Achipatala chathu akhoza kukulozerani njira.

Chakudya chimabwezeretsa thupi, koma sichichotsa chimene chidamutengera munthu ku mowa. Ngongole, ulova, chisoni cha maliro, mikangano ya m'banja ndi anzake akale zimakhala zikumudikira pakhomo. Apa ndipo mutu umodzi susenza denga. Ndikupempha zinthu zinayi.

Kwa mabanja: pokolola, musagulitse soya, mtedza ndi nyemba zonse kwa mavenda. Patulani za ndiwo za chaka chonse musadayambe kuyeza pa sikelo, kuti Januwale ndi Febuluwale asakupezeni ndi nsima yokha. Ndipo ndalama za fodya zikabwera, mukhale pansi nonse awiri kukambirana ntchito yake zisadafike m'thumba.

Kwa mafumu ndi makomiti a chitukuko: pa dima, pa ganyu ndi pa ntchito za chitukuko, tisalipire munthu ndi mowa. Pa maliro, pa ukwati ndi pa ziliza pakhale chakumwa china, kuti wosiya asachite manyazi kukhala pagulu. Amayi otcheza kachasu ambiri amatero pofuna fizi ndi sopo. M'malo mowanyoza, mabanki a m'khonde ndi alangizi a zaulimi awathandize kupeza geni ina.

Kwa alangizi a zaumoyo ndi magulu ophunzitsa kadyedwe m'midzi: poyendera makomo timafunsa za ana ndi amayi oyembekezera, ndipo n'zoyenera. Tifunsenso za wamkulu amene akuwonda, amene khungu lake lada m'khosi ndi m'mikono.

Kwa mipingo ndi mizikiti: amene wagwa n'kumwanso alandiridwe kuti ayambirenso. Ambiri amene lero adasiyiratu adagwapo kangapo asadaime.

Pomaliza, a Wapampando, ndiyankhule kwa inu amene mwakhala phee pakati pathu mukuganiza zosiya. Musayambe nokha. Uzani munthu mmodzi wa kwanu, mupite naye kuchipatala sabata ino, mukanene zoona, ndipo mukafunse za thiamine. Mukabwerako, idyani phala lanu la mgaiwa lothira nsinjiro, ngakhale masipuni asanu okha tsiku loyamba. Ndalama imene mukadagulira botolo mugulire mazira ndi usipa, ina musunge ya ulendo wobwerera kuchipatala pa tsiku limene akuuzani.